Waya Wodutsa Pabwalo Pathu

Kwa Kuntumanji, Zomba
22 Seputembala 2024

Achimwene a Samsoni,

Pepani ndi kalembedwe kangaka. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndiye zilembo zina zagona, zina zakwerana, ndipo mawu ena mwina ndawaphonya. Muwerenge mofatsa. Ndikhulupirira muli bwino ku Limbeko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, koma dzuwa ndiye lanyanya. Mayi mwendo uja ukuwavutabe. Mwayi wayamba kukwawa, ndipo chilichonse chomwe wapeza akuika m'kamwa.

Mudabwa kuti bwanji kalata pomwe foni ilipo. Foni munatipatsa ija imakhala m'thumba mwa alamu anu a Mateyu tsiku lonse, ndipo nkhani yomwe ndikufuna kukuuzani ndi ya iwowo. Kubwereka foni ya wina sindingayese, pano mawu sakhala pamalo amodzi. Ndiye ndapempha a Rozi, aja amabwera ndi mpunga kumsika wa Limbe, kuti akupatseni pamanja.

Mwezi watha a Enoki a pagolosale anawalumikizira magetsi. Alamu anu agwirizana nawo kuti akoke waya kuchokera pagolosalepo kufika kunyumba kwathu, tizithandizana kugula mayunitsi. Munthu wodziwa ntchitoyi sanamuitane. Akuti aphunzira okha pa mavidiyo a mufoni. Akachoka kudimba amakhala pakhonde maso ali pafoni, mwamuna wina wakunja akulankhula Chingerezi chothamanga, akusenda waya ndi kampeni. Chingerezicho sakuchimva chonse, amangoyang'ana manja. Pomwe sanamvetse amabwezera m'mbuyo, mpaka ine mawu a munthuyo ndawaloweza ngati nyimbo ya kwaya.

Dzana anabwera ndi mawaya kuchokera kumsika wa Govala. Si atsopano ayi. Ndi zidutswa zomwe zinachotsedwa m'nyumba ya wina, china chachitali, china chachifupi, china chopserera kumapeto. Nditafunsa anati, "Mayi a Mwayi, waya sawola, si nsomba iyi." Ndinaseka kuti asakhumudwe, koma mtima sunakhale m'malo.

Inu mukudziwa mmene zilili. Iwo ndi mkamwini pano, kwawo ndi kuchilumba cha Chisi. Chibwerereni anthu akhala akuwanena kuti msodzi wopanda bwato anabwera kudzadya mpunga wa eni. Magetsiwa akufuna kuti mudzi uone kuti nawonso ali ndi mutu. Ine ndikawaletsa aona ngati ndagwirizana ndi owanyozawo. Koma ndikuopa, achimwene. Ndikaona Mwayi akukwawira komwe kuli mawayawo, ndimathamanga kukamunyamula.

Inu ndinu mwini mbumba. Chonde tithandizeni pa nkhani ya mawayayi, mwanzeru, asadziwe kuti ndakulemberani.

Ndine mlongo wanu,
Elenala

Limbe
6 Okutobala 2024

Chemwali Elenala,

Kalata yako yandipeza ndili bwino, ndipo alamu ako ndi ana akupereka moni. Ndayiwerenga pa lanchi kuntchito. Zilembo zako zilibe vuto, zaposa za folomani wathu.

Koma iwe ndiye wamantha chibadwire! Ukukumbuka unkakana kuwoloka Likangala madzi akulekeza m'mawondo, mpaka ndinkachita kukubereka, uku ukundikanda m'khosi? Masiku ano anthu akuphunzira chilichonse pafoni. Mnzanga wina anaphunzira kukonza mafiriji pa mavidiyo omwewo, pano ali ndi shopu yake ku Bangwe, ife tikadali kupopa matayala a eni.

Ndamva kuti vuto ndi zipangizo zakutha, ndipo wachita bwino kundiuza. Ndawapatsa a Rozi masoketi, maswichi, mababu ndi tepi yakuda yokulungira waya. Waya wautali wofika kwa a Enoki ndinaufunsa m'sitolo, nditamva mtengo ndinatuluka osatsanzika. Tidzaona Khirisimasi ikadutsa. Alamu ndawatumiziranso mavidiyo ena pafoni, ndawauza kuti ndangomva kwa a Rozi kuti ayamba chitukuko. Za kalata yako sindinatchule, usade nkhawa.

Mkamwini wofuna kuwalitsa nyumba yathu sitimugwira dzanja. Ena akamwini awo amangodziwa bawo ndi kachasu. Iwe uzimulimbikitsa, ndipo mantha ukawataye kunyanja.

Mayi uwauze asamayende mtunda wautali ndi mwendowo. Ukapeza matemba ouma bwino unditumizireko, a kuno ndi mchenga wokhawokha.

Ndine mchimwene wako,
Samsoni

Kwa Kuntumanji
10 Novembala 2024

Achimwene,

Moni kwa nonse. Katundu anafika, tathokoza. Koma simunandimve. Mwina ine ndi amene sindinalembe bwino. Sindinkapempha zipangizo ayi, ndinkapempha kuti muwaletse. Phukusi lanu litafika alamu anu anati, "Mwaona? Ngakhale mwini mbumba wavomereza."

Magetsi anayaka Loweruka lapitalo. Sindikunamizani, zinali zokoma. Dzuwa litangolowa anandiuza kuti ndidine swichi ndine. Ndinadina ndi chala chimodzi, maso nditatsinzina, ndipo nditatsegula ndinaona ngakhale akangaude omwe sindinkadziwa kuti tili nawo kudenga. Mayi analulutira. Anthu anadzaza pakhonde, ena omwe aja ankawanyoza, pano akuwaitana kuti a Injiniya. Nkhope ya alamu anu tsiku limenelo sindinayionepo chikwatirireni.

Koma tamvani zomwe maso anga anaona asanakwirire.

Waya wochoka kwa a Enoki wadutsa pansi, pakati pa bwalo lathu. Makande a kuno mukuwadziwa, nyengo ino auma gwa, khasu limangodumpha. Ngalande yake ndi yosaya, mwina chikhatho chimodzi. Munthu wa mufoni uja waya wake amaulowetsa kaye mupaipi, ndinaona ndekha. Alamu anu anati paipi adzagula akagulitsa zakudimba. Popeza ndi zidutswa, analumikiza m'malo angapo. Tepi yanu inathera m'nyumba, ndiye panjapo anakulunga ndi majumbo, pamwamba n'kumanga ndi malegeni. Anati, "Legeni limagwira thumba la mpunga panjinga kuchoka kuno kufika ku Zomba, lilephere waya wongogona?" Amuna omwe ankaonerera anavomereza onse.

Malo amodzi olumikizawo ali pachidikha paja pamaima madzi mvula ikagwa, pomwe abakha athu amasamba. Ndi njira yomweyo yomwe timadutsa popita kubafa.

M'nyumbamo masoketi aika pansi, cha m'munsi mwa bondo, chifukwa ndi momwe munthu wa mufoni amaikira. Koma mzere uja madzi anasiya pakhoma chaka cha namondwe ukuonekabe, ndipo uli pamwamba pa masoketiwo. Komanso ndi msinkhu weniweni wa Mwayi akagwira khoma kuti aimirire.

Ndinayesa kufunsa mwaulemu. Ndinati, "Bambo a Mwayi, kodi kwa munthu wa mufoniyu mvula imagwa?"

Anati, "Kulibe dziko lopanda mvula."

Ndinati, "Nanga madzi amalowa m'nyumba mwake ngati kuno?"

Anati, "Inu ndi munthu uyu, injiniya ndani?"

Mitambo yayamba kusonkhana cha kunyanja, ndipo anthu akonza kale nazale za mpunga kusikimu ya mthirira. Aliyense akupempherera mvula. Ine ndekha m'mudzi muno ndikuiopa, Mulungu andikhululukire.

Ndikunena mosabisa tsopano: auzeni achotse waya wa pabwalowu mpaka mudzapeze wabwino ndi paipi. Koma chonde, osati pafoni. Bwerani mudzakhale nawo pansi awiri, kapena alembereni papepala ngati munthu ndi mlamu wake. Ndi munthu wofatsa, koma akachita manyazi samva za munthu.

Mlongo wanu,
Elenala

Kwa Kuntumanji
15 Disembala 2024

Achimwene,

Ndadikira yankho mpaka maso kufiira. Lero ndi pomwe ndadziwa kuti kalata yanga ya Novembala ikadali m'chikwama cha a Rozi. Mpunga wogulitsa unawathera, ndiye ku Limbe sanabwerenso, ndipo anachita manyazi kundiuza. Ndailanda, ndaiphatikiza ndi ino, ndipo ndapereka kwa kondakitala wa minibasi yemwe akuti amadziwa pantchito panu. Muwerenge iyo kaye.

Mvula inayamba. Ya Lachitatu inagwa yambiri, pachidikha paja panadzaza. Itakata ndinatsegulira abakha. Anathamangira m'madzimo monga mwa masiku onse. Awiri oyamba kulowa anangokupiza mapiko kamodzi, makosi n'kugwa. Enawo anabwerera akulira. Ine osaganiza ndinathamanga kuti ndikawatole, ndipo nditangoponda m'mphepete mwa matopemo ndinamva ngati nyerere zolusa zandikwera miyendo yonse mpaka m'chiuno. Ndinadziponya chagada. Achimwene, Mwayi anali pambuyo panga, akukwawa kunditsatira. Anatsala pang'ono kwambiri.

Ndinamunyamula n'kuthamangira kugolosale ndikukuwa kuti a Enoki azule pulagi. Anazula. Iwo anati nawonso ankadabwa kuti mayunitsi akutha msanga chiyambireni mvula, ngati pali wina akuwamwa.

Alamu anu atabwera kusikimu ndinawaonetsa abakhawo. Anati, "Ndi matenda a nkhuku awa, afika m'mudzi." Ndinati, "Nanga ine miyendo yangayi, ndine nkhuku?" Anatenga khasu, anafukula pamalopo. Jumbo linali litadzaza madzi, legeni litasweka, chifukwa nthaka itauma inang'ambika n'kukoka waya. Ndinaganiza kuti basi, zatha, achotsa.

Koma anakhala pakhonde n'kutsegula foni. Anaonera munthu uja mpaka batire kutha. M'mawa mwake anagula tepi, anakulunganso pamalo omwewo, anaika njerwa pamwamba, n'kukauza a Enoki kuti alumikize. Malo enawo sanawafukule. Anati alibe vuto popeza ali pokwera. Anthu a pagolosale anali atayamba kale kufunsa kuti, "A Injiniya, kwanu kwada bwanji?" Ndikudziwa kuti ndi mawu amenewo omwe anawabweza.

Chiyambire tsiku limenelo Mwayi sindikumutsitsa kumsana. Ndikuphika naye, ndikupita naye kumunda, msana wanga wafika pothyoka ndipo iye akulira kufuna kutsika. Mayi ndawauza azizungulira kuseri kwa nyumba, koma amaiwala, ndipo ndi mwendo wawo uja akagwa sangadzuke msanga. Mtambo ukangoda ndimathamangira kwa a Enoki kukapempha kuti azule, mobisa, koma tsiku lina adzakhala atatseka golosale apita kukapikula katundu. Tulo sindikuona. Ndikamva dontho padenga ndimadzuka.

Chonde bwerani. Musadikire Khirisimasi.

Elenala

Limbe
19 Disembala 2024

Elenala,

Makalata onse awiri andipeza lero m'mawa. Ya abakha ndi yomwe inali pamwamba, ndiye ndinayamba ndi imeneyo. Unati ndiwerenge inayo kaye, koma maso anali atagwera kale pa za abakhazo. Sindinaimalize n'komwe. Ndinathamangira kwa bambo wina yemwe amatikonzera magetsi kuntchito kuno, ndinawafotokozera, ndipo anagwira kumutu. Anati m'nyumba imeneyo mutuluka maliro, wayayo achotsedwe lero lomwe.

Ndinawaimbira alamu foni kangapo, sinkalowa, netiweki ya kwanuko ukuidziwa. Ndiye ndinajambula mawu n'kutumiza. Ndinali nditakwiya, sindikana. Ndinawauza kuti achotse zinyalala zawozo dzuwa lisanalowe. Ndinati pamalopo ndi pa mayi anga, mwanayo ndi mbumba yanga, ndipo ngati akufuna kuphunzirira ntchito pa miyoyo ya anthu akaphunzirire kwawo ku Chisi. Ndinatinso mlongo wanga wandilembera zonse, asayese kukana.

Kalata yako ya Novembala ndaiwerenga masana, mawu atapita kale. Ndaona pomwe unati osati pafoni. Chemwali, ndikanatani? Mwana anatsala pang'ono kufa. Ndipo zida zina ndinatumiza ndine, ndi manja angawa, ndikukuseka kuti ndiwe wamantha. Mwina ukali wina unachokera pamenepo.

Foni ikuonetsa kuti mawuwo awamvera, koma sakuyankha, ndikaimba akudula. Tchuthi andikaniza, nyengo ino magalimoto ndi ambiri. Undiuze msanga ngati waya wachotsedwa. Zinazo tidzakonza, amuna timakalipirana lero mawa n'kumwera limodzi tiyi.

Samsoni

Kachulu
23 Disembala 2024

Alamu a Samsoni,

Ndikupereka moni. Ndikulemba ndili padoko, ndikudikira boti la ku Chisi.

Mawu anu ndinawamva. Sindinawamve ndekha. Foni inali pa chaja pagolosale pa a Enoki, ndipo nditaona dzina lanu ndinaganiza kuti ndi vidiyo ina, ndiye ndinakweza mawu kuti anzanga amve nawo zomwe alamu anga a m'tauni anditumizira. Anamva onse mpaka kumapeto.

Waya ndachotsa. Pa zimenezo munanena zoona, ndipo ndinkadziwa kale kuyambira tsiku la abakha. Ndinkafuna ndipeze paipi kaye kuti ndikonze mwakachetechete, anthu asaone kuti ndalephera. Ndinalakwa kudikira.

Koma Mwayi ndi mwana wanganso, ngakhale mbumba ndi yanu. Pamalo pa mayi anu ndakhalapo ndikulima, ndikufolera, ndikunyamula mayiwo panjinga kupita nawo kuchipatala. Sindinkadziwa kuti ndikadali mlendo woti n'kuuzidwa njira ya kwawo pamaso pa anthu. Mwandionetsa njirayo, ndaitsata.

Foni yanu ndasiyira mlongo wanu. Muzilankhulana bwino tsopano popanda kuvutika ndi mapepala.

Ndine,
Mateyu

Kwa Kuntumanji
12 Januwale 2025

Achimwene,

Moni. Foni ili ndi ine, ndipo ndaona kuti mwakhala mukuimba. Sindikuyankha dala. Ndiloleni ndilembe monga kale, pakamwa ndingathe kunena zoipa.

Mwafunsa ngati waya anachotsedwa. Anachotsedwa. Tsiku lomwe mawu anu anafika, alamu anu anabwera kuchokera kugolosale mvula ikuwaza, atazula okha pulagi. Sanalowe m'nyumba. Anatenga khasu n'kuyamba kufukula kuchokera pakhonde mpaka kwa a Enoki, anthu ataima m'makonde kuonerera. Palibe anaseka, koma palibenso anawathandiza. Malo ena awiri omwe ankati ndi pokwera aja anawapeza atanyowa, pena waya atada ngati khala. Anaimirira pamenepo akuyang'ana, madzi akutsika kumaso. Kenako analowa m'nyumba n'kumasula masoketi onse.

Ndinawatengera madzi osamba. Anati, "Mayi a Mwayi, munalemba makalata angati?"

Ndinati, "Atatu."

Anati, "Ine ndinkagona pambali panu, inu mukulembera ku Limbe."

Ndinati, "Ndinakufunsani, simunandimve. Ndinkaopa kuti mwana afa."

Anati, "Nanenso ndinkaopa. Mukanandiuza kuti mukuitana achimwene anu, bwenzi nditachotsa ndekha."

Kaya akanachotsadi, kaya ayi, sindikudziwa. Anakhala masiku angapo osatuluka pabwalo. Tsiku lonyamuka anamunyamula Mwayi nthawi yaitali, anatsanzika mayi mwaulemu atagwada, anati akukaona makolo. Anatenga zovala zawo zonse, ndi ukonde wakale uja unkakhala kudenga.

Sabata yatha Likangala anasefukira ndipo madzi analowa m'nyumba usiku umodzi, anafika pomwe panali masoketi paja n'kupitirira. Tinakweza katundu patebulo, tinakagona kutchalitchi. Palibe chinachitika kwa aliyense. Nditabwerera ndinayang'ana mabowo a pakhomawo atadzaza matope, ndinakhala pansi. Mwayi pano ndikumutsitsa, wayamba kuyenda, akugwa m'matope mmene akufunira. Pa chimenechi ndikuthokoza, ndipo sindikunena kuti munalakwa kuwaletsa.

Koma mantha sanathe, angosintha malo. Mbande za mpunga zakula panazale, anzathu akumaliza kuwokera, puloti yathu ili chomwecho chifukwa ndekha ndi mwana kumsana sindingathe. Madzi a m'nyanja akwera ndipo mphepo ikuomba kwambiri masana. Msodzi wina wa kuno akuti anawaona, sali kwa makolo awo, ali m'tinyumba tija asodzi amamanga pamadzi pakati pa mabango, akugwira ntchito pabwato la wina. Ndikamva kuti bwato lagubuduka kwinakwake ndimathamangira kumsewu kukafunsa mayina. Ndinatumiza uthenga kudzera kwa msodziyo kuti mwana akuwafuna. Msodziyo anabwerako ndi kathumba ka matemba, popanda mawu alionse.

Mayi akuti nkhaniyi siingathe ndi mauthenga. Akuti amene anatchula njira ya ku Chisi ndi amene ayenera kuiyenda. Ankhoswe a kwawo sangabwere kuno pomwe mwana wawo anathamangitsidwa ndi mwini mbumba pagulu, ngakhale inu munkaona ngati mukungokalipa. Munati amuna mumakalipirana lero mawa n'kumwera limodzi tiyi. Mwina ku Limbe. Kuno anthu a pagolosale akubwerezabe mawu anu, ana omwe awaloweza.

Ndiye ndikupempha chinthu chimodzi, ndipo ulendo uno ndilemba moti musandimve molakwa. Sindikufuna waya, sindikufuna paipi, sindikufuna ndalama. Ndikufuna mubwere inuyo, mukwere boti pa Kachulu, mukawapeze, mukalankhule nawo pamaso pa akwawo. Ine boti ndimaliopa, mukudziwa, koma mukabwera ndikwera nanu.

Mpaka lero bambo a Mwayi sanabwere ndipo sananene kuti adzabwera. Inunso simunanene tsiku. Sindikudziwa ngati banja langa lilipo kapena latha.

Ndine mlongo wanu,
Elenala